Makandulo awiri pawindo akukwana, a ku Finland asasinthe 6 December wawo

Chaka chilichonse December akangoyamba, ku Finland kumabuka mkangano womwewomwewo, m'manyuzipepala, pa TV komanso pa intaneti, ndipo funso lake ndi loti kodi tsiku lawo lokumbukira ufulu wodzilamulira, lomwe limakhala pa 6 December, lizikhalabe lozizira chonchi mpaka liti. Ena amati tsikuli silisiyana ndi maliro, kulibe kuvina m'misewu, kulibe makombola, anthu amangobindikira m'nyumba kumaonerera pulezidenti akugwirana chanza ndi alendo. Ena vuto lawo ndi phwando lomwelo, amati ndi la mabwana ndi madona okaonetsa masuti ndi madiresi pomwe kunja kuli anthu akufola pamzere wa chakudya chaulere. Palinso gulu lina, makamaka achinyamata, lomwe limati mwambo wonsewu wangodzaza ndi nkhani za nkhondo ngati kuti dziko lawo silinachitepo china chilichonse kupatula kumenyana ndi Soviet Union. Ine mbali yanga ndinena poyambirira pomwe kuti tisazungulirane: a ku Finland akuchita bwino, ndipo akadzalisandutsa tsikuli kukhala la phokoso adzataya chinthu chomwe mayiko ambiri akuchisowa, tsiku la fuko lomwe munthu wamba amalisunga yekha mwa kufuna kwake, popanda boma kumutumizira lole kapena kumugawira nsalu. Otsutsawa ali ndi mfundo zina zomveka ndithu ndipo ndizitenga imodziimodzi, koma palibe ngakhale imodzi yomwe ikundifikitsa ponena kuti mwambowu ugwetsedwe.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika patsikuli, kuti tizikangana pa chinthu chomwe tonse tikuchiona. M'mawa mbendera yawo yoyera ya mtanda wa buluu imakwezedwa pa kaphiri ka Tähtitorninmäki mu mzinda wa Helsinki, kumakhala mapemphero a mipingo yosiyanasiyana m'tchalitchi chachikulu choyera cha pa Senate Square, ndipo pulezidenti amakayala nkhata ku manda a Hietaniemi komwe kunagona asilikali ambiri ofera kunkhondo pamodzi ndi Marshal Mannerheim, yemwe anali mkulu wa asilikali awo. Asilikali amachita perete, koma osati kulikulu chaka ndi chaka ayi, amazungulira, chaka chino mzinda uwu chaka chamawa wina. Kunja kukada, ndipo dziwani kuti nyengo imeneyi ku Helsinki dzuwa limatuluka 9 koloko itadutsa n'kulowa 3 koloko itangopitirira pang'ono, ophunzira a m'mayunivesite amavala zipewa zawo zoyera n'kuyenda ndi miuni kuchokera kumanda kuja mpaka ku Senate Square, mwambo womwe unayamba mu 1951. Ikakwana 6 koloko madzulo mabanja amayatsa makandulo awiri pawindo, nthawi zambiri a mitundu ya mbendera, mbali ina yoyera mbali ina ya buluu. Anthu ena amafotokoza kuti kale makandulo awiriwa ankadziwitsa anyamata omwe ankazembera ku Germany kukaphunzira usilikali pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse kuti m'nyumba muno mutha kugona, palibe akakunenezeni kwa apolisi a Russia. Kenako pafupifupi aliyense ali pa TV kuonera phwando la kunyumba ya pulezidenti lomwe amalitcha Linnan juhlat, komwe alendo pafupifupi 2,000 amalowa pamzere kudzapereka moni, ndipo oonera amapitirira 2 miliyoni m'dziko la anthu 5.6 miliyoni. Basi, tsiku latha. Ngakhale masitolo a boma ogulitsa mowa waukali a Alko amakhala otseka.

Chomwe chinapangitsa kuti tsikuli likhale chonchi chili mu mbiri yawo, ndipo mfundo yanga yagona pamenepa. Finland inalamulidwa ndi Sweden kwa zaka zoposa 600, mu 1809 inagwa m'manja mwa mfumu ya Russia, ndipo ufumuwo utagwa mu 1917 nyumba ya malamulo ya Finland inavomereza pa 6 December chikalata cholengeza ufulu chomwe chinabwera ndi boma la P. E. Svinhufvud, mavoti 100 kwa 88. A 88 aja sankakana ufulu ayi, ankafuna kuti ubwere pokambirana ndi boma latsopano la ku Russia, koma nambalayo ikuonetsa kale kuti dziko linabadwa lili logawanika. Boma la Lenin linavomereza ufuluwo kumapeto kwa December, koma usanathe mwezi wa January 1918 a ku Finland anayamba kuphana okhaokha, Ofiira, omwe anali a sosholizimu, mbali iyi, Oyera, omwe anali a boma, mbali inayo, ndipo nkhondo ya miyezi itatu ndi theka yokha inatenga anthu oposa 35,000 m'dziko la anthu 3 miliyoni, ambiri mwa iwo sanafere pomenyana koma anawomberedwa atagwidwa kale kapena anafa ndi njala ndi matenda m'misasa ya akaidi. Bala limenelo lisanapole, pa 30 November 1939 asilikali a Stalin analowa, nkhondo ya m'chisanu ya masiku 105 inayambika, kenako ina kuyambira 1941 mpaka 1944, kenakonso ina yothamangitsa asilikali a Germany ku Lapland. Zonsezi zinapha anthu oposa 90,000, dziko linataya gawo limodzi mwa magawo 10 a malo ake kuphatikizapo mzinda wa Viipuri, anthu oposa 400,000 a ku Karelia, dera lomwe linalandidwalo, anasiya nyumba ndi minda yawo n'kukayambiranso kwina, ndipo pamwamba pa zonsezi Finland inalipira Soviet Union chipukuta misozi mpaka 1952, masitima, makina ndi katundu wina. Chinthu china chomwe anthu ambiri sachidziwa n'choti a ku Finland ankayesetsa kubweza mitembo ya asilikali awo kumudzi m'malo moikwirira kubwalo la nkhondo, ndiye pafupifupi pa tchalitchi chilichonse cha kumudzi pali mizere ya timiyala tofanana tolembedwa mayina a anyamata a m'dera lomwelo, ndipo pa 6 December pa kamwala kalikonse pamayaka kandulo, achinyamata awiri ataima chilili pambali pa chipilala m'chipale chofewa. Gogo yemwe bambo ake agona pamenepo ungamuuze bwanji kuti lero tiyeni tiphulitse makombola?

Tsono mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yoti kukumbukira akufa sikuletsa kusangalala, ndipo amapereka chitsanzo cha anansi awo a ku Norway omwe pa 17 May misewu imadzaza ndi ana a sukulu akuguba ndi timbendera, mabandi akulira, aliyense atatchena zovala za makolo ake. Iwo amati mwana wa ku Norway amakula akulikonda tsiku la dziko lake pomwe wa ku Finland amakula akulidziwa ngati tsiku lomwe akuluakulu salola kusintha tchanelo. Mfundoyi ndi yomveka, koma ikuiwala zinthu ziwiri. Choyamba, May si December, ndipo amene akufuna ana a zaka 7 aziguba mumdima ndi mphepo ya m'nyanja ya Baltic ayambe wayesa yekha kuima panja ola limodzi, nanga kumpoto kwenikweni monga ku Utsjoki komwe dzuwa silituluka n'komwe nyengo imeneyi. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, a ku Finland sakusowa masiku opengera. Pa Vappu, usiku wa 30 April kulowa 1 May, mzinda wa Helsinki umasokonekera, ophunzira amaveka chipewa chifaniziro cha mkazi chotchedwa Havis Amanda chomwe chili pakati pa kadziwe kumsika wa pa doko, mowa umayenda, m'mawa mwake anthu miyandamiyanda ali pa kapinga ku Kaivopuisto ndi zakudya zawo. Chakumapeto kwa June amathawira kunyanja kukayatsa chimoto, kulowa sauna ndi kumwa mpaka dzuwa lomwe silinalowe bwinobwino litatulukanso. Timu yawo ya hockey wa pa ayezi itatenga chikho cha dziko lonse mu 1995, 2011, 2019 ndi 2022, anthu omwewa omwe timawanena kuti ndi ofatsa anathamangira kumsika wa pa doko, ena kuvula malaya n'kudumphira m'madzi ozizira a pa chifaniziro chija. Ndiye vuto si loti sadziwa kusangalala ayi, anangogawa masiku, ena a phokoso, limodzi lokhala pansi. Kufuna kuti limodzi lomwelo nalonso likhale la phokoso sikuwonjezera chisangalalo chilichonse, kukungochotsa tsiku lokhalo lomwe linali losiyana ndi anzake.

Mfundo yachiwiri sindinaimve kwa a ku Finland koma ndikudziwa kuti Mmalawi wamkulu aliyense akuiganiza akamawerenga izi, chifukwa ife zachete wa tsiku la fuko tinazionapo. Nthawi ya Kamuzu pa 3 March munthu sunkayerekeza kuliza nyimbo, kupita kudimba kapena kupezeka ukumwa, wailesi inkangolira nyimbo zachisoni tsiku lonse, ndipo a Youth League ankazungulira kuona yemwe sakulira nawo. Ndiye wina atha kunena kuti chete wa dziko lonse ndi chizindikiro cha mantha basi, anthu omasuka amachita phokoso. Ayi, apa pali kusiyana kwakukulu, ndipo kusiyana kumeneku ndi komwe kukundichititsa kuikira kumbuyo mwambo wa ku Finland. Kumeneko palibe lamulo lokakamiza munthu kuyatsa makandulo, palibe woyendera mawindo, wofuna kupita ku bala amapita, wofuna kuonera filimu ina pa intaneti amaonera, wofuna kukachita zionetsero kutsogolo kwa nyumba ya pulezidenti kunyoza phwandolo amatero ndipo ena akhala akuchita zimenezo kwa zaka zambiri. Chete wathu uja anangotha pomwe wokakamiza anachoka, lero 3 March kwa ambiri ndi holide yochapa ndi kugona. Wa ku Finland wakhalapo zaka zonsezi popanda chikwapu, zomwe zikusonyeza kuti akuchokera mwa anthu eni ake. Mu 2020 ndi 2021 phwando la kunyumba ya pulezidenti silinachitike chifukwa cha Covid-19, koma tsikulo silinafe, mawindo anawala, kumanda anthu anapita. Yesani kuchotsa bajeti ya boma pa zikondwerero za ufulu za mayiko ambiri muone ngati pangatsale kanthu.

Mfundo yachitatu, yokhudza phwando, ndi yomwe ili ndi mano kwambiri ndipo sindikufuna kuipeputsa. Otsutsa amati n'zochititsa manyazi kuti dziko lomwe limadzitama ndi kusasiyana kwa anthu lizikhala maola angapo likuonerera nduna, aphungu, akazembe, mabishopu, akuluakulu a asilikali ndi oimba otchuka akulowa m'nyumba yachifumu, mawa lake nyuzipepala za Iltalehti ndi Ilta-Sanomat n'kumavotetsa anthu kuti diresi yokongola inali ya ndani, zonsezi pa ndalama za msonkho. Amaloza ku bwalo la Hakaniemi, mtunda woyenda pansi kuchokera kunyumba ya pulezidenti, komwe tsiku lomwelo anthu ovutika amafola kulandira supu yotentha pa mwambo womwe unayambitsidwa ndi malemu Veikko Hursti ndipo banja lake likuupitiriza. Mkwiyo umenewu unaonekera poyera mu 2013, pomwe phwandolo linasamukira ku Tampere chifukwa nyumba ya pulezidenti inali kukonzedwa, ndipo ochita zionetsero ena atanyamula ndodo za hockey anaswa magalasi a masitolo n'kulimbana ndi apolisi. Kuti umphawi ulipo ku Finland, ulipo, ndipo mizere ya chakudya chaulere sikhala pa 6 December pokha.

Komabe tiyeni tione bwinobwino zomwe zimachitika pakhomo paja, chifukwa anthu amangoona madiresi osaona dongosolo lake. Pulezidenti ndi mkazi kapena mwamuna wake amaima chilili, sakhala pa mpando wapamwamba ayi, ndipo amagwira dzanja la mlendo aliyense, mmodzimmodzi, kwa nthawi yoposa ola, mayina akutchulidwa pa TV kuti dziko lonse limve kuti uyu ndi ndani ndipo wachita chiyani. Palibe ola la mawu a pulezidenti otamanda boma lake, palibe amayi ovina atavala nkhope yake, palibe mtundu wa chipani. Kwa zaka zambiri oyamba kulowa sanali nduna yaikulu kapena sipikala, anali nkhalamba zomwe zinamenya nkhondo ndi amayi a bungwe la Lotta Svärd omwe ankaphika, kusamalira ovulala ndi kulondera ndege za adani, ena akuyendera ndodo ena akukankhidwa pa njinga za olumala, ndipo pulezidenti ankawerama kuti awamve zomwe akunena. Pamzerewo pamabweranso anamwino, aphunzitsi, ongodzipereka, othamanga omwe apambana chaka chimenecho, anthu a mtundu wa Sami a kumpoto kwa dzikolo atavala zovala za kwawo, ndipo mu 2022 pulezidenti wa nthawi imeneyo, Sauli Niinistö, anaitana ambiri mwa ogwira ntchito zachipatala omwe analimbana ndi mliri uja. Kwa ine chithunzi cha mtsogoleri ataimirira mpaka dzanja kuwawa akulandira nzika zake ndi phunziro la demokalase labwino kuposa mawu aliwonse omwe akanalankhula. Za madiresizo, eee, ndi miseche, palibe angakane, koma ndi miseche ya dziko lonse pa nthawi imodzi, banja lili pa sofa, khofi ndi keke ya buluu ndi yoyera pa tebulo, kumaseka kuti uyu waponda diresi ya mnzake, uyu tsitsi walipanga bwanji, ndipo anthu omwe m'mawa anali kumanda ayenera kukhala ndi poseka madzulo. Komanso kuthetsa phwandoli sikungafupikitse mzere wa ku Hakaniemi ngakhale ndi munthu mmodzi, umphawi umathetsedwa ndi bajeti ya m'nyumba ya malamulo osati ndi kuletsa anthu kuvina waltz usiku umodzi. Ndipotu chifukwa choti zinthu ziwirizi zimachitika tsiku limodzi, makamera omwe amajambula madiresi amajambulanso mzere wa supu, ndipo funso loti dziko la ufulu likuwasiyiranji ena m'mbuyo limafunsidwa chaka chilichonse pa tsiku lomwe aliyense akumvetsera. Pomwe ndikugwirizana ndi otsutsa ndi pa mndandanda wa oitanidwa, a maudindo achuluka kwambiri, phungu yemwe wakhala zaka 20 m'nyumba ya malamulo safunika kukapereka moni ka 20, malo akewo atha kupita kwa woyendetsa basi wa ku Kajaani. Koma kumeneko ndi kukonza mndandanda, si kugwetsa mwambo.

Mfundo yachinayi ndi ya nkhondo. Otsutsa amati ufulu unabwera mu 1917 koma tsiku lonse limangokamba za 1939 mpaka 1944, ndipo wailesi ya kanema ya boma ya Yle imaonetsa chaka ndi chaka filimu ya Tuntematon sotilas ya mu 1955, ya Edvin Laine, yochokera m'buku la Väinö Linna, pafupifupi maola atatu a zipolopolo. Amati kukamba kwambiri za nkhondo ya m'chisanu, pomwe Finland inali yolakwiridwa poyera, kumathandiza kubisa zinthu zosakoma, monga kuphana kwa 1918, komanso zoti kuyambira 1941 Finland inamenya nkhondo mbali imodzi ndi Germany wa Hitler, inadutsa malire ake akale n'kulowa ku East Karelia, ndipo inatsekera anthu wamba a Chirasha m'misasa momwe ambiri anafera. Zonsezi ndi zoona ndipo dziko lomwe lafika zaka zoposa 100 liyenera kuzinena mosabisa, ngakhale pa tsiku lake lalikulu. Koma onani kaye filimu yomwe akuidandaulayo. Si filimu yotamanda nkhondo ayi, muli asilikali amantha, otukwana, oba chakudya, onyoza mabwana awo, ndipo imathera pogonja, ambiri mwa anyamata omwe unawazolowera atafa. Bukulo litatuluka mu 1954 akuluakulu ena a asilikali ndi olemba ndemanga anakwiya nalo chifukwa chomwechi. Dziko lomwe limasankha kuonera kugonja kwake chaka chilichonse silikudzikuza ndi mfuti, likudzikumbutsa mtengo wake. Onaninso tsiku lomwe anasankha. M'zaka zoyambirira a mbali ya Oyera ankalemekeza kwambiri 16 May, tsiku lomwe Mannerheim analowa mu Helsinki ndi perete wa chipambano mu 1918, tsiku lomwe kwa mabanja a Ofiira linali lokumbutsa kuphedwa kwa abale awo. Mu 1940 Mannerheim yemweyo analithetsa, m'malo mwake kunabwera tsiku lokumbukira onse ofera kunkhondo, ndipo lomwe linatsala ngati tsiku la dziko ndi 6 December, tsiku la voti m'nyumba ya malamulo, lomwe palibe anawombera mnzake. Pamenepa anaganiza bwino.

Kuwonjezera apo, amene ankati nkhani za nkhondo ndi zachikale anayamba kuchepa mawu kuyambira February 2022 pomwe Russia inalowa mu Ukraine. Finland ili ndi malire a makilomita 1,340 ndi Russia, inalowa mu NATO pa 4 April 2023 itakhala zaka zambirimbiri yosalowa m'magulu a nkhondo, ndipo mpaka lero mnyamata aliyense akafika msinkhu amaitanidwa ku usilikali kwa masiku 165, 255 kapena 347, apo ayi akagwire ntchito ina yothandiza dziko. Mayi yemwe mwana wake ali ku kampu chaka chino akamaona timiyala ta pa tchalitchi tija saona mbiri yakale. Ndipo safunika kuyang'ana patali kuti adziwe chomwe chikanachitika, tsidya lina la nyanja makilomita 80 okha kuli Estonia, dziko lomwe nyimbo yake ya fuko ili ndi mayimbidwe ofanana ndi ya Finland, lomwe linamezedwa mu 1940 n'kudzapezanso ufulu mu 1991.

Mfundo yachisanu ndi yatsopano ndipo ndi yomwe imandidetsa nkhawa kuposa zonse. Ena amati anthu abwinobwino akabindikira m'nyumba, misewu imatsalira a phokoso oipa. Kuyambira 2014 ku Helsinki kumachitika ulendo wa miuni wotchedwa 612, kuchokera ku Töölöntori kupita ku manda a Hietaniemi, okonza ake amati si wa ndale koma umakoka anthu ambiri odana ndi obwera, ndipo mu 2018 gulu la Nordic Resistance Movement linaguba pa ulendo wake ndi mbendera za chizindikiro cha chipani cha Hitler mpaka apolisi kuzilanda. Kwa munthu wakuda yemwe akukhala ku Helsinki, kaya ndi wophunzira kaya ndi mwana wobadwira komweko kwa makolo a ku Somalia, madzulo a 6 December si nthawi yoyenda momasuka m'madera ena, ndipo ndikanama nditanena kuti limeneli si vuto. Koma kodi mankhwala ake ndi makombola ndi magule? Mayiko omwe amachita zikondwerero za phokoso nawonso ali ndi magulu oterewa, amangobisala m'chigulu. Ku Finland amaonekera chifukwa kwina konse kuli bata, ndipo akaonekera amayankhidwa, tsiku lomwelo anthu ena ambiri amaguba pansi pa mutu wa Helsinki ilman natseja kukana za chipani cha Hitler mu mzinda wawo, khoti lalikulu linathetsa gulu la Nordic Resistance Movement mu 2020, ndipo mu 2017 anthu ena anachita zanzeru zoseketsa, anafulumira kubukitsa bwalo la Töölöntori kuti pachitike chisangalalo cha ana chokhala ndi akalulu ndi nyama za alpaca, a miuni aja n'kusowa poyambira mpaka kusunthira pena. Oguba onsewa, mbali zonse ziwiri, tikawaphatikiza ndi anthu masauzande ochepa, pomwe omwe ali pa sofa ndi mamiliyoni. Kusintha mwambo wa mamiliyoni chifukwa cha kagulu kotere kungakhale kuwapatsa ulemu womwe sakuyenera.

Chomwe chiti chisinthe, kaya afune kaya asafune, ndi anthu oyamba kulowa pakhomo paja. Kwa zaka zambiri ankatsogolera anali asilikali omwe analandira mendulo ya Mannerheim Cross, koma womaliza wa iwo, Tuomas Gerdt, anamwalira mu 2020, ndipo omenya nkhondo omwe atsala ali ndi zaka za m'ma 100. Posachedwapa Alexander Stubb, yemwe anakhala pulezidenti mu 2024, kapena wodzalowa m'malo mwake adzaima pakhomo popanda ngakhale mmodzi, ndipo apa ndi pomwe achinyamata omwe akuti tsikuli lizikambanso za zomwe ufulu wamanga ali ndi mwayi wawo. Zokamba zilipo zambiri, dziko lomwe amayi anapeza ufulu wovota ndi kuimira mu 1906 lisanadzilamulire n'komwe, lomwe pofika 1948 linali likudyetsa ana a sukulu chakudya chaulere likulipirabe ngongole ya nkhondo, lomwe pokumbukira zaka 100 za ufulu linadzimangira laibulale ya Oodi moyang'anizana ndi nyumba ya malamulo n'kuitsegula pa 5 December 2018. Mzinda wa Helsinki unayamba kale njira ina, meya amaitana ana onse a sitandade 4 ku phwando lawolawo, amatchena, amagwirana naye chanza n'kuvina magule omwe aphunzira kusukulu, mwana wa nduna ndi mwana wa othawa kwawo pamzere umodzi. Ine ndikanakhala wolemba mndandanda wa pulezidenti, malo a nkhalamba zija ndikanawapereka kwa ana a ku Karelia omwe anasamutsidwa ali aang'ono ndipo ambiri akadali moyo, kwa zidzukulu za Ofiira omwe anafera m'misasa mu 1918 zitayenda limodzi ndi zidzukulu za Oyera, ndipo pambuyo pawo amayi ophika kusukulu, nduna zizibwera kumapeto.